Njuga ya pa intaneti: manambala tikumvawa akuwerenga chiyani, ndipo akubetcha ndi ndani?

Nkhani za njuga ya pa intaneti zimadza ndi manambala ozunguza mutu. Lero mumva kuti olowa pa masamba a njuga achuluka kawiri. Mawa kafukufuku wina anena kuti chiwerengero cha anthu otchova njuga sichinasunthe kwenikweni. Mkuja makampani alengeza ndalama zomwe sanazigwirepo chiyambire. Zitatuzi zitha kukhala zoona pa nthawi imodzi, chifukwa aliyense akuwerenga chake: uyu maulendo, uyo anthu, winayo ndalama. Kuti tione chomwe chikukwera ndi chomwe chaima, tiyambe tazilekanitsa.

Ulendo si munthu

Akamati tsamba lakutilakuti lalandira anthu mamiliyoni mwezi uno, kawirikawiri amakhala akunena maulendo. Ulendo umayamba munthu akatsegula tsamba, ndipo mapulogalamu ambiri owerengera amautseka munthuyo akatha mphindi 30 osakhudza kalikonse. Akabweranso, umenewo ndi ulendo wina. Zili ngati mlonda wa pachipata cha msika amene amaponya kamwala m'chitini aliyense akalowa. Pofika madzulo chitini chadzaza, koma wogulitsa amene walowa ndi kutuluka kasanu ali ndi timiyala tisanu payekha. Wobetcha mpira amatero: m'mawa akaona ma odds (manambala osonyeza kuti ndalama yake ichulukitsidwa kangati akawina), masana akaika tiketi, madzulo n'kumasuzumira kangapo kuona ngati chigoli chalowa. Munthu ndi mmodzi, maulendo khumi.

Owerenga amayesa kukonza vutoli powerenga zipangizo m'malo mwa maulendo, koma nalonso lili ndi msampha wake. Yemwe ali ndi foni ndi kompyuta amawerengedwa kawiri, pomwe anthu atatu obwerekana foni imodzi amawerengedwa kamodzi. Kuwerenga maakaunti nakonso sikuthandiza kwathunthu, poti obetcha ambiri amakhala ndi maakaunti ku makampani angapo, pofuna kuyerekeza ma odds kapena kutolera bonasi yolandirira watsopano. N'chifukwa chake mabungwe oyang'anira njuga amakonda kufunsa za maakaunti amene abetchadi m'mwezi umenewo, osati onse olembetsedwa.

Palinso nkhani ya komwe nambalayo yachokera. Kampani ya njuga imadziwa ndendende amene alowa, koma siulula zonse. Manambala ambiri omwe amafalitsidwa amachokera ku makampani ngati Similarweb, amene amaona kagulu ka ogwiritsa intaneti n'kuyerekeza za ena onse. Kuyerekezaku kumaphonya m'malo odziwika bwino. Ambiri tsopano amabetchera pa app, ndipo owerenga masamba saona bwino zochitika mmenemo, choncho tsamba likhoza kuoneka ngati likutha pomwe makasitomala angosamukira pa app. Wogwiritsa VPN, pulogalamu yobisa komwe munthu ali, amaoneka ngati ali m'dziko lina. Tsamba loletsedwa limatsegula maadiresi ena ambirimbiri ofanana nalo, ndiye maulendo ake amamwazikana. Ndipo si aliyense wolowa amene amabetcha: ena amangofuna kuona zotsatira za masewera, ena adina mwangozi chithunzi chotsatsa malonda.

Ndalama zobetchedwa ndi ndalama zodyedwa

Apa ndi pomwe anthu ambiri amasokonezeka. Pali ndalama zonse zomwe zaikidwa pa mabeti, ndiye pali zomwe zatsala m'manja mwa kampani italipira owina. Zachiwirizi ndiye zomwe obetcha adyedwadi. M'chaka cha 2023 anthu a ku United States adabetcha pafupifupi madola 120 biliyoni pa masewera kudzera m'makampani ovomerezeka, ndipo makampaniwo adatsala ndi pafupifupi madola 11 biliyoni. Nyuzipepala ikatenga nambala yoyambayo n'kunena kuti ndi zomwe anthu ataya, yakulitsa nkhani kuposa kakhumi.

Chimatupitsa nambala yoyambayo n'choti ndalama imodzimodziyo imabetchedwa mobwerezabwereza. Tiyerekeze kuti munthu waika madola 100 pa masewera a slot, aja ozunguza zithunzi, amene amabweza 96 pa 100 iliyonse yobetchedwa. Akamaika dola imodzi ulendo uliwonse, pa avereji amadyedwa masenti 4. Kuti madola 100 athe, azungulitsa maulendo pafupifupi 2,500. M'mabuku mulembedwa kuti wabetcha madola 2,500, pomwe m'thumba mwake mwachoka 100. Zili ngati kukhuthulira madzi uku ndi uku pakati pa ndowa ziwiri: ulendo uliwonse pamatayika pang'ono, ndipo ukapitiriza, ndowa zonse zimauma. Ngati ulendo uliwonse ukutenga masekondi awiri ndi theka, zonsezi zimatha maola awiri asanakwane.

Gawo la kampani limakhala lokhazikika m'masamu a masewerawo. Pa roulette ya ku Ulaya, gudumu lozungulira lomwe kampira kamagwera m'kabowo ka nambala, pali timabowo 37, ndipo kampani imatsala ndi 2.7 peresenti. Ya ku America ili ndi timabowo 38, ndipo gawolo limafika 5.26 peresenti. Pa masewera olimbitsa thupi gawoli limabisala mu ma odds. Mbali ziwiri zikakhala ndi mwayi wofanana, malipiro achilungamo akadakhala 2.00 mbali iliyonse, kutanthauza kuti wowina alandire kawiri zomwe waika, koma kampani imapereka mwina 1.91, n'kutsala ndi pafupifupi 4.5 peresenti.

Tiketi yophatikiza masewera ambiri ndiyo yasintha kwambiri nkhani ya phindu. Gawo la kampani silikhala pomwepo, limachulukana pa masewera aliwonse owonjezedwa. Ngati kampani imatenga 5 peresenti pa masewera amodzi, pa tiketi ya masewera 10 wobetcha amayembekezeka kubwezedwa pafupifupi 60 pa 100 iliyonse, ndipo 40 imatsala. Wobetcha amaona ndalama yaikulu yomwe angawine ndi kandalama kochepa, ndipo zimenezo n'zoona. Kampani imaona 40 peresenti, ndipo nazonso n'zoona. Ichi n'chifukwa chake matiketi oterewa amatsatsidwa kwambiri, komanso chifukwa chake ndalama za makampani zimatha kukwera ngakhale obetcha asanachuluke.

Mmene zidafikira pano

Chiyambi chake ndi 1994, pomwe dziko la Antigua and Barbuda lidakhazikitsa lamulo lolola kupereka ziphaso kwa makasino a pa intaneti. Mu 1996 InterCasino ndi Intertops zidali zitayamba kulandira ndalama zenizeni, Planet Poker, tsamba la masewera a makadi otchedwa poker, idatsatira mu 1998, ndipo mu 2000 Betfair idabweretsa njira yoti anthu azibetcherana okhaokha, kampani n'kumangodula kagawo. Masiku amenewo pankafunika kompyuta, intaneti ya m'nyumba ndi khadi la kubanki, motero otchova ambiri adali amuna a m'mayiko olemera.

Mu 2003 Chris Moneymaker, yemwe ankagwira ntchito yowerengera ndalama, adapeza malo ku World Series of Poker kudzera pa mpikisano wotsika mtengo wa pa PokerStars, n'kuwina madola 2.5 miliyoni. Anthu adakhamukira ku poker ya pa intaneti. Chikhamucho chidadulidwa ndi malamulo: mu 2006 United States idaletsa mabanki kudutsitsa ndalama za njuga yosaloledwa ya pa intaneti, ndipo pa 15 April 2011 boma lidalanda maadiresi a PokerStars, Full Tilt Poker ndi Absolute Poker. Phunziro lomwe oyang'anira adatengapo n'lakuti kutseka njira ya ndalama kumaluma kuposa kutseka tsamba.

Kusintha kwachiwiri kudadza ndi foni. Mu 2007 kudatuluka iPhone, ndipo chaka chomwecho M-Pesa, njira yotumizira ndalama pa foni, idayamba ku Kenya. Yoyambayo idaika kasino m'thumba, yachiwiriyo idachotsa kufunika kwa akaunti ya kubanki. SportPesa, kampani yobetchera ya ku Kenya yomwe idayamba mu 2014, idakula mwa njira imeneyi mpaka dzina lake lidafika pa malaya a Everton mu 2017. Apa mpomwe mtundu wa obetcha udasinthiratu: anthu ochuluka, mabeti ang'onoang'ono, obwerezedwa pafupipafupi.

Kusintha kwachitatu n'kwa malamulo. Pa 14 May 2018 khoti lalikulu la United States lidathetsa lamulo la 1992 lomwe linkatsekereza zigawo za dzikolo kuloleza kubetcha pa masewera, ndipo zigawo zoposa 30 zidaloleza m'zaka zotsatira. Sweden idatsegula msika wake mu January 2019, Germany mu July 2021, Netherlands mu October 2021, chigawo cha Ontario ku Canada mu April 2022, Brazil mu January 2025. Ena adalowera kwina: Italy idaletsa kutsatsa njuga mu 2018, ndipo India idaletsa masewera a ndalama a pa intaneti mu August 2025. Tsono samalani ndi manambala a chaka choyamba dziko likangololeza. Amalumpha kwambiri, koma gawo lina la kulumphako ndi anthu amene ankabetcha kale kumbali, amene tsopano ayamba kuwerengedwa.

Mliri wa Covid-19 udaonetsa china. Mu March 2020 masewera ambiri ataima, ena adasiya kubetcha, ena adasamukira ku ligi ya mpira ya ku Belarus yomwe sidaime, ku tenisi ya patebulo, ku poker ndi ku makasino a pa intaneti. Kwa gulu lachiwirili, chofunika sichidali mpirawo.

Liwiro

Pa zonse zomwe zakweza maulendo, chachikulu ndi kufupika kwa nthawi pakati pa kuika ndalama ndi kudziwa zotsatira. Wa lotale amadikira masiku. Wobetcha mpira usanayambe amadikira mphindi 90. Wobetcha mpira uli mkati, pa kona yotsatira kapena khadi lachikasu lotsatira, amadikira mphindi zochepa, ndipo batani lotulutsa ndalama masewera asanathe limamusunga maso ali pa foni. Pa slot ndi masekondi.

Masewera a kandege, omwe wotchuka wake ndi Aviator ya kampani ya Spribe yomwe idatuluka mu 2019, ali m'gulu lothamangali. Nambala yochulukitsira imayamba pa 1.00 n'kumakwera, ndipo wosewera ayenera kutulutsa ndalama kandegeko kasanathawe. Masewerawa amalengezedwa kuti amabweza 97 peresenti, kutanthauza kuti mwayi woti nambala ifike pa 2.00 ndi pafupifupi 48.5 peresenti, ndipo woti ifike pa 10.00 ndi pafupifupi 9.7 peresenti. Malo omwe kandege kathawire amakhala atasankhidwa kale ndi makina, ndipo zomwe zidachitika ulendo wapita sizinena kanthu za ulendo ukubwerawu. Batani lija limangopatsa munthu maganizo oti akuwongolera. Masewerawa sadya data yambiri ndipo amayenda pa foni yotsika mtengo, n'chifukwa chake afala msanga m'mayiko omwe intaneti ndi yodula.

Maboma ena aona kuti liwiro ndi chinthu choti n'kuchiikira malire. Ku Britain, kuyambira October 2021, slot siloledwa kuzungulira mofulumira kuposa masekondi 2.5, ndipo batani loti makina azizungulira okha lidaletsedwa. Mu 2025 adaikanso malire a mapaundi 5 pa ulendo umodzi, ndi mapaundi 2 kwa a zaka 18 mpaka 24. Germany idaika yuro imodzi pa ulendo, masekondi 5, ndi malire a mayuro 1,000 oika mu akaunti pamwezi.

Nthawi yomwe anthu amalowa imasiyananso. Maulendo a obetcha masewera amatsata kalendala: amakwera Loweruka ndi Lamlungu, amafika pachimake pa World Cup, Super Bowl (fainolo ya mpira wa ku America) kapena Grand National (mpikisano wa mahatchi ku Britain), n'kutsika ligi zikapuma. A kasino alibe nyengo, amayenda usana ndi usiku. Woyerekeza mwezi wa World Cup ndi mwezi wamba n'kunena kuti njuga yakwera wangoyeza kalendala.

Akubetcha ndi ndani

Kafukufuku wophatikiza mayiko ambiri yemwe adatuluka m'magazini ya zaumoyo ya The Lancet Public Health mu 2024 adapeza kuti pafupifupi 46 peresenti ya akuluakulu ndi 18 peresenti ya achinyamata osakwana msinkhu adatchovako njuga ya mtundu wina uliwonse m'chaka chimodzi. Nambala yotere imaphatikiza wogula tiketi imodzi ya lotale pachaka ndi wosewera slot usiku uliwonse, ndiye payokha siuza zambiri. Mukachotsa lotale, chithunzi chimasintha. Kubetcha pa masewera n'kwa amuna makamaka, ndipo ambiri ndi osapitirira zaka za m'ma 40. Pa slot kusiyana kwa amuna ndi akazi kumachepa, ndipo pa bingo ya pa intaneti, m'mayiko ngati Britain, akazi ndiwo ambiri.

Koma funso loti akubetcha ndi ndani lili ndi mayankho awiri, ndipo lachiwiri ndi lomwe limakhudza ndalama. Mukawerenga mitu, wobetcha wamba ndi munthu woika pang'ono, mwa apo ndi apo, amene pachaka amadyedwa ndalama yosamusowetsa tulo. Mukawerenga ndalama, nkhope imasintha. Komiti ya House of Lords, imodzi mwa nyumba ziwiri za malamulo ku Britain, idanena mu 2020 kuti 60 peresenti ya phindu la makampani imachokera kwa 5 peresenti ya makasitomala, amene ali kale pa vuto la njuga kapena ali pafupi kugweramo. Kampani ikamati makasitomala ake ambiri amasewera mosadzipweteka, siikunama. Wodandaula akamati bizinesiyi yatsamira pa anthu ovutika, nayenso ali ndi nambala yake. Akuyang'ana buku limodzi, wina mzere wa maina, wina mzere wa ndalama.

Kumbali inayi kuli kagulu kakang'ono kowina mosalekeza. Makampani amawazindikira msanga, makamaka amene amapeza ma odds abwino kuposa omwe msika umatsekera, ndipo amawachepetsera ndalama zomwe angabetche mpaka akauntiyo isakhalenso ndi ntchito. Odyedwa kwambiri ndiwo amapatsidwa ulemu wa VIP.

Vuto la njuga limadziwika ngati matenda. Mu 2013 buku la madokotala a matenda a maganizo ku America, DSM-5, lidaliika m'gulu limodzi ndi chizolowezi cha mowa ndi mankhwala ozunguza bongo, ndipo World Health Organization imati pafupifupi 1.2 peresenti ya akuluakulu padziko lonse ali nalo. Kafukufuku wa mu The Lancet Public Health uja adapeza kuti pakati pa osewera kasino ndi slot pa intaneti, nambalayi imafika pafupifupi 16 peresenti. Ofufuza ambiri amagwiritsa ntchito mafunso 9 otchedwa PGSI, monga ngati munthu amabwerera kukafuna kubweza zomwe adadyedwa, kapena ngati adabwerekapo ndalama kapena kugulitsa katundu kuti abetche. Mapointi amayambira 0 mpaka 27, ndipo wopeza 8 kapena kuposa amaonedwa kuti ali pa vuto.

Mafunso ndi omwewo, koma kafunsidwe kamasintha yankho. Ku England kafukufuku wa zaumoyo wa 2018, wochitikira m'makomo, adapeza 0.4 peresenti. Kafukufuku watsopano wa Gambling Commission, bungwe loyang'anira njuga ku Britain, woyankhidwa makamaka pa intaneti, adapeza 2.5 peresenti mu 2023. Sikuti vuto lidakula kasanu ndi kamodzi m'zaka zisanu. Ena amati anthu amabisa wofunsa akakhala pafupi kapena abale ali m'nyumba. Ena amati kafukufuku wa pa intaneti amakopa kwambiri otchova njuga kuti ayankhe. Bungwelo lidachenjeza kuti manambala awiriwa asayerekezedwe mwachindunji.

Ana osakwana zaka 18 saoneka m'mabuku a makampani, poti pa pepala kulibe. Amalowera pa akaunti ya wamkulu, pa masamba osafunsa chiphaso, kapena pa timabokosi ta mwayi ta m'masewera a pa kompyuta, tomwe Belgium idatiika m'gulu la njuga mu 2018.

Omwe ali kunja kwa mpanda

Dziko likaloleza njuga, limafuna kuti obetcha apite ku makampani a ziphaso, omwe amakhoma msonkho ndi kutsata malamulo. Zili ngati kukumba ngalande kuti madzi a mvula adutse pomwe mukufuna: funso ndi loti ndi madzi ochuluka bwanji omwe alowadi m'ngalandemo. Sweden idadziikira cholinga cha 90 peresenti. Otsalawo amapita ku masamba a ziphaso za kutali, monga za ku Curaçao, omwe ambiri amalandira ndalama za crypto, za pa intaneti zosadzera kubanki, ndipo salabadira ndondomeko zodzitsekera ngati GAMSTOP ya ku Britain kapena Spelpaus ya ku Sweden. Masambawa amapeza anthu kudzera mwa otsatsa olipidwa pa munthu aliyense wolembetsa kapena pa gawo la zomwe munthuyo adzadyedwe, komanso mwa osewera njuga poonetsa pa vidiyo. Twitch, tsamba loonetserapo mavidiyo oterewa, idaletsa kuonetsa masamba ena otere, kuphatikizapo Stake, mu October 2022.

Msika wakunjawu supereka malipoti, choncho kukula kwake kumayerekezedwa kuchokera pa maulendo aja tidayamba nawo, ndi zofooka zake zonse. Makampani a ziphaso amapindula nambalayo ikaoneka yaikulu, chifukwa imawathandiza kukana misonkho ndi malamulo okhwima. Ofuna malamulo okhwima amapindula ikaoneka yaing'ono. Musanakhulupirire nambala ya msika wakunja, funsani yemwe walipira kafukufukuyo, ndiponso ngati wawerenga maulendo kapena ndalama.

Mafunso omwe sanayankhidwe

Kodi njuga ya pa intaneti ikubweretsa anthu atsopano, kapena ikungosamutsa akale n'kuwaseweretsa pafupipafupi? Yankho likuoneka losiyana pakati pa mayiko omwe kudali kale mashopu obetchera ndi omwe njuga yafika koyamba kudzera pa foni, ndipo m'mayiko achiwiriwa ndi momwe kafukufuku ali wochepa.

Kodi slot ndi kandege zimayambitsa vuto, kapena anthu omwe ali kale pa vuto ndiwo amazikonda? Kuti izi zidziwike pamafunika kutsata anthu omwewo kwa zaka zambiri, ndipo mabuku omwe angayankhe ali m'manja mwa makampani. Mkangano woti ofufuza odziimira paokha aziwaona mpaka pati sunathe.

Malire a ndalama ndi a liwiro akaikidwa, ndi angati amachepetsa kusewera ndipo ndi angati amathawira kunja kwa mpanda? Nanga kutsatsa: matimu a Premier League adagwirizana kuchotsa makampani a njuga pachifuwa cha malaya kuyambira nyengo ya 2026/27, koma pa mkono wa malaya ndi pa zikwangwani za m'bwalo ndi pololedwabe. Kodi zisintha chiwerengero cha obetcha, kapena zingosintha malo a dzinalo?

Ndiye pali funso la malire a mawu oti njuga. Mu 2025 kampani ya Kalshi idayamba kugulitsa ku United States makontirakiti olosera zotsatira za masewera, ikunena kuti ndi msika wa zachuma woyang'aniridwa ndi boma lalikulu, pomwe zigawo zingapo zikuti ndi kubetcha kopanda chiphaso, ndipo nkhaniyi idafika kumakhoti. Munthu wogula kontirakiti yoti timu yakuti iwina Lamlungu, awerengedwe m'gulu liti?